Mbande za Agustino

Sitima ya ku Salima sinabwere tsiku limenelo. Margareta anatsika lole pafupi ndi kasiteshoni ka m'munsi mwa mapiri a Dowa atasenza dengu lovundikira ndi saka yonyowa. M'dengumo munali mbande za fodya zimene mwamuna wake Agustino anafesa kudimba ku Chisepo, asanagone pamphasa osadzukanso. Akuchimuna anali atamusudzula dzulo lake kuti abwerere kwawo. Anamuuza kuti asankhe chotenga, iye n'kusiya mapoto ndi mbuzi, n'kukazula mbande m'mamawa. Ankafuna kuti dzuwa likamalowa zikhale zili m'nthaka ya kwa mayi ake.

Nkhungu inatsika m'mapiri n'kumeza njanji mbali zonse ziwiri. Margareta anakhala pansi, dengu pamiyendo, tulo tikumubera pang'onopang'ono. Ankaona sitima ikutuluka m'nkhungumo mwakachetechete, mawilo osakhudza chitsulo, Agustino ali pazenera ndi keni yake yothirira. Akaphethira, pamakhala mbuzi chabe ikudya udzu pakati pa njanji.

Masana mkulu wa pasiteshoni, a Danieli, anatuluka n'kulengeza kuti mvula yakokolola njanji kumtunda. Zaka zimenezo matipate anali atangobwera, ndipo mawu oti ufulu aliyense ankawamung'unya ngati switi. Anthu amene kale akanangoti zikomo bwana n'kumapita anawazungulira bambowo, aliyense akufuna ufulu wake pompo. A Danieli sanakwiye. Anafotokoza kuti wofuna atha kubweza tikiti n'kulandira zake, wofuna aisunge idzagwira ntchito njanji ikakonzedwa, ndipo wothamangira adikire lole ya mawa yopita kumsewu wa tala.

Anthu atamwazikana, Margareta anavundukula saka. Timasamba tinali titayamba kugwa nkhope, ndipo mtima wake unawawa.

"Ndamva, bambo, tikiti idikira," anatero. "Koma izi sizigona m'dengu."

A Danieli anali mwana wa mlimi, sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anayang'ana mbandezo, anayang'ananso mpango wakuda kumutu kwa mayiyo, kenako anamutengera kuseri kwa nyumba yawo. Kumeneko kunali mizere imene anaunga kuti adzalemo chimanga. Anamupatsa khasu.

Mvula yowaza inayamba. Margareta anadzala monga ankadzalira Agustino, kutsindira dothi ndi chala chachikulu kenako kukoka tsamba pang'ono kuti aone ngati mbande yagwira. Nthawi zina ankamva ngati wina akubwera pambuyo pake mumzere, akukonza pamene iye walakwitsa. Sanatembenuke, poopa kupeza kuti palibe.

Atamaliza, a Danieli anafunsa kuti adzabwera liti kudzathyola fodya wake. Margareta anapukusa mutu. Kwawo kunali kutali, ndipo ankadziwa kuti njira iyi sadzaipondanso.

"Akadzayamba maluwa mudzamudule nsonga msanga," anatero. "Mwini wake sankafuna kuona maluwa m'munda."

Anatola dengu n'kuliika pamutu kuti abwerere pabenchi. Linapepuka moti mphepo inafuna kuliulutsa. Analigwira ndi manja onse awiri, n'kuima pomwepo mumvula, akulira monga sanalirire ngakhale tsiku la maliro.