Kobiri la pa Mkuzi

Ndinalota ndili kuntchito, m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene ndimafufuzira mbiri ya ndalama zamakedzana. Anali masana. Dzuwa linkalowera pawindo n'kugwera patebulo la a Chikwekwe, bwana amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Iwo anamwalira zaka zitatu zapitazo, koma anali pampando wawo, atavala juzi yawo yotuwa, akusenda mtedza wophika.

"Mwafika, mayi Esinala," anatero. "Muli ndi mlendo. Akudikira m'dilowa yachinayi."

Ndinapita pakabati n'kukoka dilowayo. Munali mtsinje wa Linthipe. Madzi ankayenda mwakachetechete, ndipo timaenvulopu tosungiramo ndalama tinkayandama osanyowa. Mayi wina anatuluka m'bango, anakwera m'mphepete mwa dilowayo, n'kutsikira pasimenti. Anali wamng'ono kwa ine, atamanga nsalu yakuda pachifuwa. Anagwada pafupi ndi chitseko.

"Ndine Nasimango," anatero. "Ndadzera kobiri la mwana wanga."

Ndinalidziwa kobirilo. Linali la nthawi ya atsamunda, lobowoka pakati, lojambulidwa njovu ziwiri. Mlimi wina analitola pagombe la Linthipe madzi osefukira atagumula nthaka, ndipo m'bowo mwake munali mutatsalira kachingwe kowola. Kwa zaka ziwiri ndinkafunafuna umboni wakuti anthu athu ankavala ndalama pathupi, ndipo kachingweko kanali umboni wanga wokhawo. Lolemba lotsatira kobirilo linkayenera kukhala pakati pa chionetsero changa choyamba.

Ndinalitulutsa n'kuliika pansalu yoyera. Pambali pake ndinaika kakhadi kamene ndinali nditalemba kale.

"Werengani timve," anatero a Chikwekwe.

Ndinawerenga. "Kobiri lamkuwa. Ankagulira mchere ndi machesi. Mwini wake sadziwika."

"Pepani, mayi," linatero kobirilo. Mawu ake anali aang'ono, aulemu. "Ine sindinagulepo mchere. Anzanga ndiwo ankagula. Ine ndinachoka m'sitolo ya mmwenye Lachiwiri, pofika Lachinayi ndinali pamkuzi, m'chiuno mwa mwana. Ntchito yanga inali imeneyo basi."

"Ankatsokomola," anatero Nasimango. "Anthu anati ndimumangirire chitsulo. Sichinathandize, komabe tinamuika nacho. Ine ndinamutsatira mvula ya chaka chomwecho. Kumene tiliko ana ndi ambiri, ndipo nkhope zawo zimafanana. Timawazindikira ndi zimene anapita nazo. Chichokereni kobirili, ndimadutsa pakati pawo osamudziwa wanga."

Ndinayang'ana kobirilo pansalu paja. Kenako ndinanena zimene zinali mumtima mwanga, ngakhale ndinachita nazo manyazi.

"Mayi, likachoka kobirili ndilibe china. Likakhala pano, ana asukulu adzaliona, adzadziwa mmene munkakhalira."

"Adzadziwa ndani?" anafunsa, osakweza mawu. "Mwalemba kuti sindidziwika."

Ndinayang'ana a Chikwekwe kuti andithandize. Iwo anasonkhanitsa makoko a mtedza m'dzanja n'kuwaika m'thumba la juzi.

"Lamulo la chipinda chino mukulidziwa," anatero. "Chinthu sichituluka chisanalembedwe bwino. Simunamufunse mwini wake chifukwa panalibe womufunsa. Lero wabwera yekha. Tengani pensulo."

Ndinatenga pensulo. Nasimango anandiuza kuti kobirilo analipeza atagulitsa mazira, ndipo chingwecho anachipota yekha ndi thonje la kuseri kwa nyumba. Anati mwanayo anali wamkazi, dzina lake Ndilekeni, ndipo ankakonda kuluma kobirilo mano ake akumera. Ndinaliyang'ana pagalasi lokulitsa zinthu. M'mphepete munali timabala tiwiri timene ndinkati ndi dzimbiri.

"Ndi mano ake amenewo," linatero kobirilo.

Nditamaliza kulemba ndinalinyamula kuti ndimupatse mayiyo, koma anabweza manja kumbuyo.

"Ine sindingathe kumanga mfundo," anatero. "Mfundo amamanga ndi amoyo okha."

Choncho ndinavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pansi pa tebulo, n'kulowa m'dilowa. Madzi anandifika m'mawondo, kenako m'chiuno. Sanali ozizira. Pansi ndinkaponda ndalama zambirimbiri, marupiya a amalonda a kunyanja yamchere, matiki, ndi zitsulo zamkuwa zopingasa zimene makolo ankasinthanitsa ndi minyanga. Zonse zinkayankhula motsitsa, chilichonse chikutchula dzina la munthu. Ndinafuna kuima kuti ndimvetsere, koma Nasimango anali patsogolo ndipo sankacheuka.

Pakati pa mtsinje panali mchenga woyera. Pamenepo panakhala ana ochuluka, atatambalala miyendo, akusewera ndi timiyala. Wina anali ndi mkanda pakhosi, wina kasupuni, wina nsapato imodzi. Ndinayenda pakati pawo kobiri lili m'manja. Nditafika kumapeto, linayamba kufunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Kamtsikana kena kanali pakokha, kopanda kanthu pathupi. Kanatambasula dzanja, kanatenga kobirilo n'kuliika m'kamwa.

Nasimango anakhala pansi pamchengapo. Sanalire. Anangogwira phazi la mwanayo ndi manja onse awiri.

Ndinasolola ulusi pampendero wa siketi yanga, n'kuupota pantchafu monga ndinkaonera amayi anga akuchitira. Ndinaulowetsa m'bowo, pambali pa kachingwe kakale kaja, n'kumanga m'chiuno mwa mwanayo. Ndinamanga mfundo ziwiri, kenako yachitatu.

"Zikomo," anatero Nasimango. "Tsopano bwererani madziwa asanakuzolowereni."

Nditacheuka, dilowa ija inali kutali, ikutsekeka pang'onopang'ono. A Chikwekwe anali ataitchinga ndi bondo. Ndinayenda osathamanga. Nditafika anandigwira padzanja n'kundikoka, ndipo ndinadzuka kunja kutayera, zala zanga zikumangabe mfundo pakona ya bulangeti.

Ndinafika kuntchito ena onse asanabwere. M'dilowa yachinayi munali mouma, ndipo kobiri linali m'kaenvulopu kake. Ndinaliika pansi pa galasi. Timabala tiwiri tija tinalipo. Mwina ndi dzimbiri, sindingatsimikize.

Ntchito yathu siilola kulemba maloto pakhadi. Ndinang'amba kakhadi kakale, ndipo pa katsopano ndinalemba zokhazo zimene ndingaikire umboni: "Kobiri lamkuwa, lokhala ndi chingwe cha thonje. Wina analipotera chingwe kuti livalidwe." Mawu akuti mwini wake sadziwika sindinawabwezeremo.

Kenako ndinatembenuza kakhadiko. Kuseri kwake, kumene kumagona pansalu ndipo alendo sakuona, ndinalemba ndi pensulo, mwa zilembo zing'onozing'ono: Ndilekeni, mwana wa Nasimango.