Osagwedeza Kanthu

Nditatsika minibasi yochokera ku Chipata Lolemba m'mawa, ndinapeza a Ebelesi, amake Lonia, atakhala pakhonde la shopu yathu, kachikwama kali pamiyendo. Mayi amenewa sakhala pansi nthawi ya ntchito. Ine ndikatulutsa zilembo mu pulinta, iwo ndi amene amazimata pa matisheti ndi chitsulo chotentha.

"Bwanji amake Lonia, lero holide?"

"Amalume ako akuti ndibwerere ku Zingalume. Akuti ndapha makina."

Ndinalowa osapereka moni. Amalume anga a Filimoni, eni shopu, anandiponyera pepala lapulasitiki lomwe timasindikizapo. Panayenera kutuluka mawu akuti Kwaya ya Amayi a ku Zemba, oyera mbee, oti akhale pa matisheti abuluu. Koma panali mizeremizere yotuwa, ngati nkhuku yapalasa pa ufa.

"Wangochokapo sabata imodzi, taona. Eni matisheti akubwera Lachitatu. Ndiwauza chiyani?"

"Munawaona akuwononga?"

"Nanga anatsala pano ndani? Mbuzi?"

"Inunso munatsala pano, amalume. Bwanji simunadzichotse ntchito nokha?"

"Iwe Manase, ndinakusambitsapo ine."

Pakamwa panga pamathamanga, ndimadziwa. Koma kuthamangitsa mayi wa ana atatu popanda kufunsa n'komwe, magazi anga sangazilole.

"Ndipatseni mpaka dzuwa lifike pamutu," ndinatero. "Zikakanika, tichoka awiri."

Pulinta imeneyi palibe anandiphunzitsa. Ndinaidziwa ndi mavidiyo a pafoni, nditakhala kuseri kwa msika pomwe netiweki imagwira bwino. Ndinatsegula chivundikiro n'kuyang'ana timapaipi ta inki. Yakuda, yofiira, yachikasu, yabuluu, zonse zinali bwinobwino. Koma m'botolo la yoyera, pamwamba panali madzi okhaokha, pansi phala. Inki yoyera ndi yolemera. Ili ngati thobwa, ukaisiya masese amatsikira pansi. Ikagona masiku osavundulidwa imatseka timabowo ta hedi, kachitsulo kamene kamalavulira inki papepala.

Ndinawaitana amake Lonia.

"Botolo ili munkalikhutchumula m'mawa uliwonse?"

"Ine? Ndikhutchumule? Amalume ako anati osagwedeza kanthu pano. Ngakhale posesa ndinkalambalala tebulo ngati pansi pake pali njoka."

Ndinatembenuka mtima ukuwira. "Mwamva, amalume? Lamulo lanu ndi limene lapha makina, mlandu n'kupachika pa munthu wina!"

Amalume sanakwiye. Anangokanda chibwano.

"Lamulo langa? Amene anatulutsa mutu pawindo la minibasi n'kukuwa kuti, 'Amalume, osagwedeza kanthu!' anali ndani?"

Ndinali ine. Ndinkanena tebulo, lomwe mwendo wake umodzi ndi waufupi, moti munthu akaligunda zilembo zimapindika. Za botolo sindinauze munthu, poti ndimalikhutchumula ndekha tsiku lililonse osaganiza n'komwe, ngati kusukusula.

"Amake Lonia," ndinatero, maso ali pansi, "wolakwa ndine. Pepani."

"Konza kaye makinawo, mwanawe. Pepani sadinda tisheti."

Ndinakhutchumula botolo mpaka mkono kuwawa, phala lija n'kusungunuka kukhala ngati mkaka. Kenako ndinatenga sirinji n'kukoka inki yakale m'kapaipi, pang'onopang'ono, kuopa kulowetsa mpweya. Hedi ndinaikhazika pa kansalu konyowa ndi mankhwala otsukira. Pamenepo mpofunika kudikira, ndipo kudikira ine sikwanga. Nditafuna kuichotsa msanga, amake Lonia anandimenya padzanja.

"Nyemba ukuziphula zisanapse. Khala pansi."

Ndinakhala. Anandigawira mtedza wokazinga umene anamangira paulendo, ndipo tinkatafuna tikuonerera ngolo zikutsitsa thonje tsidya la msewu.

Pepala loyamba loyesera linatuluka ndi mipata. Lachiwiri, mipata iwiri yokha. Amalume anaima kumbuyo kwanga, akupumira m'khosi mwanga. Lachitatu, timizere tonse toyera tinatuluka tathunthu, palibe kamodzi kodukiza.

"Amake Lonia, yatsani chitsulo chitenthe," anatero amalume, akubwerera kumpando wawo.

"Basi zokhazo?" ndinafunsa. "Ine ndapepesa. Inu amene munawatulutsa panja?"

"Iwe mwana, kodi unabadwa ndi tsabola pa lilime?"

Sindinasunthe. Anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana kukhomo, kenako anavula chipewa.

"Ndinafulumira, mayi. Ntchito ndi yanu. Pepani."

"Zamveka, bambo."

Nditasindikiza mawu a kwaya aja, amake Lonia anayala tisheti yoyamba, n'kuika pepala pachifuwa pake, n'kutsitsa chitsulo. Amawerenga chamumtima, safuna wotchi. Atakweza, anadikira kuti izizire, n'kusenda pulasitiki kuyambira pakona. Mawu anatsala pa nsalu, oyera moti ungawawerenge uli ku pulatifomu ya tchalitchi.

"Mawa undionetse kakhutchumulidwe kako," anatero, akutambasula yachiwiri. "Pano choka apo, ukunditchinga kuwala."