Manja a Tjitske

Douwe Wiersma ankakhala yekha m'nyumba yomalizira, kuseri kwa chikhoma chotchinga nyanja. Chimwalirireni mkazi wake, sabata inkatha osatsegula pakamwa, kupatula potsokomola. Mphumu yokha ndi imene inkamuchezera.

Kenako achipatala cha m'tauni anamulemba m'kafukufuku wa tinjira ting'onoting'ono ta mpweya ta m'mapapo. Kamodzi pamwezi ankameta ndevu n'kukwera basi. Poyezapo, munthu amaluma kapaipi n'kumapuma mwakachetechete, namwino ataima kumbuyo, atamugwira masaya kuti asamagwedezeke. Namwino wake anali Tjitske, mayi wa phwete, wonunkhira khofi. Manja ake anali ofunda. Zaka zinayi zathunthu panalibe munthu amene anali atamukhudza Douwe kumaso.

Tsiku lina anamva kuti amene zotsatira zawo zaipa amaitanidwanso pakatha milungu iwiri, osati mwezi. Koma mdala ameneyu! Anatenga kampope kake ka mankhwala a mphumu n'kukatsekera m'kabati, n'kumangokanyamula akamapita kutali. M'chifuwa munayamba kulira ngati ketulo, masitepe ankawakwera mopumira, koma mumtima munali myaa.

Ulendo wachitatu, atamaliza kuyeza, Tjitske anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Nthabwala zake zija panalibe.

"Bambo Wiersma, tandipatsani kampope kanu."

"Ndakaiwala kunyumba."

"Bodza limenelo, achikulire. Kakuoneka m'thumba la jeketemo."

Anapereka. Kampopeko kanali ndi manambala owerenga kuti munthu wapopera kangati, ndipo Douwe, mlimi wopuma ntchito amene ankadziyesa wochenjera, sanaganizepo zomangopopera m'mwamba.

"Milungu isanu, mwapopera kanayi," anatero Tjitske. "Tinjira tanuti tatupa, tatsala pang'ono kutsekeka. Mukufuna mufe, eti? Mukufuna adzakupezeni pansi kukhitchini patapita masiku?"

"Angadzandipeze ndani?" anayankha Douwe, n'kuseka pang'ono. Tjitske sanaseke.

"Mwachitiranji zimenezi?"

Manyazi anamugwira, makutu onse psuu. Anayang'ana manja a mayiyo, kenako nsapato zake.

"Kunyumba kuja kuli zii, mayi."

Tjitske anakhala pampando. Chisoni chinamugwira, koma lamulo linali lamulo: wosiya mankhwala amachotsedwa m'kafukufuku. Ananena zimenezi pang'onopang'ono, osazungulira. Kuyambira tsikulo azikaonana ndi dokotala wa kumudzi kwawo, kawiri pachaka.

"Simungangolemba kuti ndinkapopera?"

"Sindingathe. Odwala anzanu mankhwala awo adzachokera pa zimene tikulembazi."

Douwe anagwedeza mutu. Ankadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

"Koma simutuluka muno chimanjamanja," anatero Tjitske, akukoka pepala. "Mmene chifuwachi chililimu, mutha kubanika tsiku lililonse. Ndikufuna nambala ya munthu woti azikuyenderani. Wachibale, mnzanu, woyandikana naye nyumba, aliyense."

Douwe anaganiza. Mchimwene wake anagona kumanda, oyandikana nawo anasamuka kalekale, ndipo m'nyumba mwawo tsopano munkabwera alendo a m'chilimwe okha. Nambala imene ankaidziwa pamtima inali imodzi basi. Anayamba kuitchula, Tjitske akulemba.

Atafika pakati, cholembera chinaima. Inali nambala ya foni imene inali patebulo pa Tjitske pomwepo.