Galu wa M'chipinda cha Malemu

Mlendo wina anatsika minibasi pa Mtakataka, nakwera kabaza mpaka pakhomo pa mayi Veronika, mphunzitsi wopuma amene amuna awo anamwalira chaka chathachi. Anati dzina lake ndi Laston. Kumene wachokera ndi chimene wadzera sanatchule, ndipo mayiwo sanafunse. Anangomupatsa mpando pakhonde ndi madzi akumwa.

Asanamwe n'komwe, m'nyumba munatuluka galu akudzikanda molira. Ubweya unali utathothoka pamimba, makutu ali psuu, mapazi atanyeka ndi kudzinyambita.

"Ameneyu ndi Kambuku, galu wa malemu," anatero mayiwo. "Musamuyang'anitsitse. Mawa akamupha."

Anansi anali atamupaka kale oilo wakutha wa galimoto poganiza kuti ndi mphere, koma khungu linangoipiraipira. Tsopano achimwene a mayi Veronika anali atagamula kuti galu achoke asanapatsire ana a m'mudzi. Mayiwo anavomera ndi pakamwa pokha.

Mlendo uja anagwada n'kuyamba kupatula ubweya ndi zala.

"Utitiri palibe, nkhupakupa palibe. Amagona kuti, amayi?"

Mayi Veronika anazengereza, kenaka anamutsogolera ku chipinda cha kumapeto. Mawindo ake anali asanatsegulidwe chichitikireni maliro. Abale atabwera kudzagawa katundu wa malemu, mayiwo anapereka njinga, nsapato ndi wailesi, koma matiresi ndi bulangete anakaniza. Pamenepo ndi pamene Kambuku ankaswera ndi kugona, mphuno itakwiririka m'bulangetemo. M'chipindamo munali motentha, monunkha chinyezi cha dzinja.

Mlendoyo anaima pachitseko nthawi yaitali. Maso ake sanali pa galu, anali pa bedi.

"Ndimathandiza dokotala wa ziweto ku Lilongwe," anatero potsiriza. "M'fumbi la matiresi akale mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya tizidutswa ta khungu la munthu, ndipo timaswana m'malo otseka ngati ano. Agalu ena sitiwachita kanthu, ena thupi lawo limadana nato. Ndikukayika kuti ndi mphere. Dokotala amuone ndithu, koma choyamba matiresi atuluke, mawindo atsegulidwe, bulangete lichapidwe ndi madzi otentha."

"Lichapidwe?" anatero mayiwo. "Bambo inu, fungo lawo latsala m'menemu mokha. Mukuganiza kuti galuyu amatsatira chiyani? Nanga ine ndimalowera chiyani muno?"

Kambuku anakwera pabedi, nadziluma phazi mpaka magazi anatuluka, kenaka anayang'ana mayiwo ndi maso otopa.

Mayi Veronika anapita pawindo. Chitsulo chinali chitachita dzimbiri, koma anachimenya ndi chikhatho mpaka chinalola. Matiresi anawakoka okha kukawasiya padzuwa.

"Achimwenewo akabwera mawa ndiwabweza," anatero akupuma mwawefuwefu. "Galu wanga safa."

Linatsala bulangete. Analinyamula, nalifungatira pachifuwa.

"Koma ili, kulichapa manja akukana. Bola ndingoliwotcha, lipite lonse nthawi imodzi."

"Musaliwotche, amayi. Ndipatseni ine, ndipite nalo kutali, galuyu asaligonerenso."

"Inu? Mukalitani bulangete la munthu amene simukumudziwa?"

Mlendoyo anazyolika.

"Zoona, sindikuwadziwa. Sindinawaonepo ngakhale kamodzi. Anandibereka ku Golomoti asanakukwatireni, ndipo amayi anga andiuza zimenezi posachedwapa. Ndinangofuna kuona pamene ankagona. Pakhonde paja ndatchula dzina lonama poopa kuti mundipirikitsa."

Mayi Veronika anakhala pansi pamphepete pa bedi lopanda matiresi lija. Mtima unawawa, ndipo anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Anatambasula manja n'kumupatsa bulangetelo.

"Usalichape msanga," anatero motsitsa mawu. "Nanga dzina lako lenileni ndani, mwananga?"

"Gidiyoni, amayi."