Mchere wa Margarita

Miyendo yanga inayamba kutupa mu 1988, titathawa nkhondo ku Ngauma n'kukakhala m'zisakasa ku Cuamba. Ndikayenda pang'ono, phuma. Nsapato zanga zamatayala zinkakana kulowa.

Kumudzi tinatha zaka ziwiri osalawa mchere, koma ku Cuamba unkapezeka, pamodzi ndi nsomba zouma zamchere. Ine Manueli ndinkachita kuunyambita m'manja ngati mbuzi. Mkazi wanga Margarita ankauthira m'ndiwo mosaumira, kuti ndisangalale.

Koma anthu! "Umenewo ndi mdulo," ankanong'onezana. Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa. Ine kupusa, ndinameza nkhaniyo osatafuna. Ndinasiya kudya za m'manja mwake. Ndinkadziwotchera ndekha nsomba zamchere zija kuseri kwa chisakasa, miyendo nditaifunditsa thumba chifukwa cha manyazi. Kutchalitchi ndinaleka. Munthu akaseka kutali, ndinkati akuseka ine. Mtima unkangoti phaphapha, ndipo masiku ena ndinkalakalaka kufa.

"Bambo, ndalakwanji?" Margarita anandifunsa akulira.

"Ukudziwa wekha. Loweruka ndiitana ankhoswe, uzipita kwa alongo ako."

Kwawo kunali kuti? Mudzi wawo unali utapsa.

Lachinayi ndinagwa pakhomo, mpweya utandithera. Amene anabwereka njinga n'kundikankha mpaka kuchipatala anali Margarita yemweyo. Namwino wina, mayi Fatima, anandidina pamwendo ndi chala. Panatsala kadzenje.

"Awa ndi madzi, bambo. Mtima wanu wafooka, sukupopa bwino magazi. Mchere mumadya wochuluka bwanji?"

"Eya, mcherewo!" ndinatero. "Afunseni awa. Ndi mdulo."

Mayi Fatima anayang'ana Margarita, amene anali atabisa nkhope m'kapulana, chitenje chake chija. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwasiya liti kudya zophika iwo?"

"Mwezi watha."

"Ndiye kutupa kwachepa?"

Ndinayang'ana miyendo yanga. Kunali kutawonjezeka.

"Mchere umasunga madzi m'thupi la munthu wodwala mtima, kaya wathira ndani," anatero. "M'chipinda umo muli agogo osakwatira, miyendo yawo ili ngati yanuyi. Iwo anawadula ndani? Matendawa si chilango, ndipo si ochititsa manyazi. Komanso nkhawa mwasenzayi ikuulemetsa mtima womwewo. Munthu wosagona, wosadya bwino, wodzibisa, amafooka msanga. Imwani mapiritsi okodzetsa awa, siyani nsomba zamchere, ndipo muzibwera mwezi uliwonse. Zikakulemerani m'maganizo, lankhulani."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Loweruka ankhoswe anabwera, poti uthenga unali utapita kale. Anthu a m'zisakasa nawonso anadzaza, makutu ali tcheru. Ndinavundukula thumba lija, aliyense n'kuona miyendo yanga.

"Ndikudwala mtima," ndinatero. "Mkazi wanga ndinamunamizira. Mayi, ndikhululukireni."

Margarita anadzuka n'kulowa m'chisakasa. Ndinati basi, akukamanga katundu, ndipo ndani akanamudzudzula? Anatuluka ndi mbale ya chigwada n'kuiika patsogolo panga.

"Mulibe mchere," anatero. "Koma ndaphika ndine. Mudya?"

Ndinadya pamaso pa onse, misozi ikugwera m'mbale.

Patatha milungu itatu nsapato zinalowa, tulo tinabwerera. Mtima sunachire kotheratu, mapiritsi ndimamwabe, koma mantha aja anatha.

Abale anga, miyendo ikatupa ndipo mpweya ukamathera, thamangirani kuchipatala. Musayambe ndi kufunafuna wolakwa. Zimene timakhulupirira za matenda zikhoza kutidwalitsa maganizo kuposa matendawo. Ine zinatsala pang'ono kundilanda munthu amene anandikankha panjinga.