Malata Otuwa a ku Esiteti

A Gabriel Mbewe anali atakhosomola kwa miyezi isanu ndi inayi. Akachoka pakhonde kupita kuseri kwa nyumba ankaima kawiri panjira, atagwirira nkhokwe, kudikira kuti mpweya ubwerere. Munthu amene kale ankakwera padenga atasenza mtanda paphewa tsopano ankalephera kumaliza ndime imodzi ya nyimbo kutchalitchi.

Amene ankawasamalira anali mwana wawo, Felesita. Mayi ake, a Nellie, anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, nawonso ndi matenda a m'chifuwa amene palibe anawadziwa dzina. Kawiri konse Felesita anapita ndi bambo ake kuchipatala cha Kabudula. Kawiri konse anawayeza chifuwa chachikulu, osachipeza. M'mudzi anthu anayamba kunong'onezana kuti pamatenda amenewa pali dzanja la munthu.

Ulendo wachitatu anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anawajambula m'chifuwa. Dokotala anayang'ana chithunzicho n'kutembenukira kwa a Gabriel.

"Agogo, kodi munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali kalipentala pa esiteti ya fodya cha ku Nsaru," anayankha a Gabriel. "Zaka khumi ndi zinayi. Mashedi onse aja ndi nyumba za akapitawo, denga ndinakhoma ndine."

"Malata achitsulo?"

"Ayi, otuwa aja, okhuthala ngati simenti. Asibesitosi. Tinkawadula ndi sowo. Poweruka tinkakhala mbuu ngati tachokera kuchigayo."

"Munkavala chophimba kumphuno?"

A Gabriel anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa.

"Nanga zovala zanu ankachapa ndani?"

"Amayi," anatero Felesita. "Ankayamba azikuntha kaye pakhomo, kenako n'kuzinyika."

Dokotala anaika cholembera pansi. Anafotokoza kuti asibesitosi ndi mwala wokhala ndi timaulusi, umene ankakumba m'migodi ya ku Zimbabwe ndi ku Joni. Kale omanga ankaukonda chifukwa supsa ndi moto ndipo suchita dzimbiri. Koma munthu akadula, kuboola kapena kuswa malata ake, timaulusi tosaoneka ndi maso timauluka. Tikalowa m'mapapo sitituluka. Timakhala phee zaka makumi awiri, atatu, ngakhale anayi, kenako mapapo amauma, ndipo ena amadwala khansa. N'chifukwa chake mayiko ambiri anauletsa.

"Mapapo a bambo anu adzaza zipsera," anatero dokotalayo. "Mankhwala ochiziratu palibe. Tingowathandiza kuti ululu uchepe."

"Nanga amayi aja?" anafunsa Felesita.

"Sindinawayeze, ndiye sindinganene motsimikiza. Koma zimachitika kuti wochapa zovala nayenso amadwala."

Mu minibasi yobwerera a Gabriel ankangoyang'ana manja awo.

Atafika kumudzi anapeza ngolo ziwiri zodzaza malata otuwa zitaima pabwalo la tchalitchi, moyandikana ndi nyumba yawo. Esiteti ija inali itagulidwa ndi munthu wina, ndipo mwini watsopanoyo ankagwetsa mashedi akale. Malata anauza anthu kuti angotenga. Mwamuna wa Felesita, a Sydney Banda, anali wapampando wa komiti yomanga sukulu ya mkombaphala ya mpingo. Felesita anawapeza atawerama, sowo ili m'manja, nsidze zili mbuu. Chapafupi pomwepo mwana wawo Tamanda ankasewera phada ndi anzake, akuponya kachibenthu ka lata lomwelo.

Felesita anamulanda mwanayo kachibenthuko n'kumuuza kuti akasambe.

"Bambo a Tamanda, siyani kudula. Malata awa ndi amene akupha bambo."

A Sydney anamvetsera zonse zimene dokotala ananena, kenako anapukusa mutu.

"Mayi a Tamanda, apongozi akudwala ukalamba. Tayang'anani kumwambaku, mvula yayandikira. Ana makumi anayi akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Munthu watipatsa denga laulere, ndiye ine ndikauze mpingo kuti tataya chifukwa cha fumbi? Fumbi la mumsewu timapuma tsiku ndi tsiku, tafa?"

Anatolanso sowo n'kupitiriza.

M'mawa mwake Felesita anapita kwa mayi Zione Chadza, mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo, atatenga kalata ya dokotala. Mayi Chadza anabwera kudzaona okha. Sanakhudze kanthu. Anangopempha kuti ntchito iime mpaka Lamulungu, kuti adzayankhule ndi mpingo wonse mapemphero akatha. A Sydney anavomera monyinyirika.

Lamulungu anthu anakhala panja, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. Mayi Chadza atafotokoza za timaulusi tija, mkulu wina wa mpingo, amene kale anali mphunzitsi, anaimirira.

"Mayi, ine ndakhala zaka makumi awiri m'nyumba ya aphunzitsi ya malata omwewa. Ndili moyo, eti?"

"Zoona, bambo," anayankha mayi Chadza. "Lata likakhala padenga lathunthu, osalikhudza, ngozi yake imachepa. Vuto limayamba likathyoka, likayamba kufumbutuka, kapena mukalidula ndi kuliboola. Awa mwawaona? Ndi akale, agwetsedwa ndi nyundo, ndipo kuti akwane pasukulupa muyenera kuwadula. Ana amene muwaike pansi pake ali ndi zaka zinayi. Matendawa adzawapeza akulera awo ana."

"Ndiye tikawataye kudambo?" anafunsa wina.

"Ayi. Izi ndi zinyalala zoopsa, ndipo malamulo a zachilengedwe salola kuzitaya paliponse. Mwini esiteti kukupatsani si chifundo chokha ayi, wakusenzetsani katundu amene amayenera kutaya yekha mosamala. Nkhaniyi ndikaitula kwa a zachilengedwe ku khonsolo."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena ankati boma likaletsa malatawa libweretse ake. Nthawi yomweyo Felesita anatulukira akukankha njinga, bambo ake atakhala pakaliyala. Iwo ndiwo anaumirira kuti abwere. Anawakhazika pampando kutsogolo, ndipo phokoso linatha.

"Malata awa ndikuwadziwa," anayamba a Gabriel. Anaima n'kukoka mpweya. "Mabowo mukuwaonawo ndinaboola ndine." Anaimanso. Anthu ankamva mpweya ukulira m'chifuwa mwawo ngati khomo la dzimbiri. "Palibe anatiuza kanthu. Tinalipo asanu. Atatu anapita kale, onse ndi chifuwa. Tinkati ndi fodya." Anatembenukira kwa mkamwini wawo. "A Banda, ine ndinkabwera ndi fumbili kunyumba. Mkazi wanga ankalikuntha ndi manja ake. Ine sindinkadziwa. Inu mwauzidwa."

Sanathe kupitiriza. Anakhosomola mpaka misozi kutuluka, Felesita atawagwira paphewa.

A Sydney anafunsa motsitsa mawu, "Mayi Chadza, zovala zimene ndinavala podula zija zili m'nyumba. Ndizitani?"

"Musazikunthe, musazichape. Zinyowetseni, muziike m'pepala lapulasitiki, mumange."

Tsiku lomwelo anatchinga malowo ndi chingwe kuti ana asafikepo. Mayi Chadza anauza anthu kuti asasese fumbilo lili louma, koma alithire madzi. Amuna anayi, atavala zophimba kumphuno zimene mayiwo anawapezera, ananyowetsa mulu wonse n'kuuphimba ndi mapepala apulasitiki okhuthala. Kenako amayi anayamba kubwera ndi zibenthu zimene anali atatola kale. Wina ankavundikirira mphika, wina ankayanikirapo tsabola, wina anatsekera khola la nkhuku. Zonse zinapita pamulu.

Patatha sabata ziwiri kunabwera mkulu wa zachilengedwe wochokera ku khonsolo. Anaona mulu uja, n'kupita ku esiteti. Mwini wake analamulidwa kusiya kugawa malatawo, kutenga onse amene anali atamwazikana m'midzi, ndi kukawakwirira pamalo amene a zachilengedwewo anasankha, kutali ndi zitsime ndi minda. Anamuchenjeza kuti akanyozera, nkhani ipita kukhoti. Lole yodzatenga malatawo inabwera Lachinayi lotsatira.

Mayi Chadza anauzanso Felesita kuti munthu amene wadwala chifukwa cha ntchito ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zantchito kuti alandire chipukuta misozi. Felesita anapita ndi kalata ya dokotala. Anamulandira bwino n'kulemba dandaulo lake, koma sanamunamize. Kampani imene inalemba ntchito bambo ake inatha kalekale, ndipo a Gabriel analibe pepala lililonse losonyeza kuti anagwirako ntchito. Mlanduwo ukhala wovuta, anatero a ku ofesiwo.

A Gabriel sanadikire yankho. Anamwalira mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, atakhala tsonga chifukwa kugona chagada kunkawabanika. Bokosi lawo anakhoma ndi a Sydney.

Chaka chimenecho sukulu ya mkombaphala anaifolera ndi udzu, ndipo inkadontha pakona imodzi. Anthu atakolola mtedza anasonkherana n'kugula malata achitsulo. Ana amaphunzira m'menemo mpaka lero. Kuchokera nthawi imeneyo mipingo iwiri yoyandikana nawo yakana malata otuwa, itamva zimene zinachitika.

Felesita akaitanidwa kukayankhula kwa amayi a Chigwirizano, mawu ake amakhala omwewa: "Mukaona malata akale otuwa okhala ngati simenti, musawadule, musawaboole, musawaswe, ndipo musalole ana kuseweretsa zibenthu zake. Akathyoka, athireni madzi, aphimbeni, mukauze alangizi a zaumoyo kapena a ku khonsolo. Ngati munagwirapo ntchito ya malata amenewa ndipo mukubanika, pitani kuchipatala mukawauze ntchito imene munkagwira. Sungani mapepala anu a kuntchito. Fumbi la asibesitosi silipweteka tsiku limene mwalipuma, koma likalowa silituluka. Njira yokhayo yopewera matendawa ndi kusalipuma."