Njinga Imene a Paston Sanaikwere

Chaka chimene Chitaganya cha mayiko atatu chija chinkatha, azungu ambiri a ku Blantyre ndi ku Limbe anayamba kulongedza katundu. Mmodzi mwa iwo anali mwini fakitale ya mipando ku Limbe, amene antchito ake ankamutcha Bwana Sekani, chifukwa ankaseka nthawi zonse, ngakhale pokudula malipiro.

A Paston anali atapala matabwa pa fakitaleyo kwa zaka khumi ndi zinayi. Anzawo atamva kuti ntchito ikutha ankanena zobwerera kumudzi, koma iwo analibe mudzi. Bambo awo anachokera kwa Apwitikizi n'kukafera pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, osasiya ngakhale ndime imodzi. Chiyembekezo chawo chinali ndalama yotsanzikira imene bungwe la antchito linagwirizana ndi bwanayo kalekale. Ankafuna agulire zida zawozawo, azikhoma mipando kunyumba kwawo ku Chilobwe. Popanda zidazo, banja lonse likanasowa kolowera.

Loweruka lomaliza bwana anachita phwando. Kunali tiyi wamkaka, mabanzi ndi nyama ya mbuzi, zinthu zimene pa fakitaleyo zinali zisanaonekepo. Kenako anayamba kuitana akuluakulu mmodzimmodzi. A Gracian, mnzawo wa a Paston, analandira wotchi ya pamkono. A Paston anapatsidwa njinga yakale ya kampani, itapakidwa penti watsopano. Anailandira ndi manja awiri, ananyonyomala, nawomba m'manja monga anawalerera makolo. Nthawi yomweyo bwana anawajambula chithunzi.

Anafika ku Chilobwe akuikankha, chifukwa matayala anali ophwa. Ana anaizungulira ndi chisangalalo, koma akazi awo, a Magdalene, anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Mayiwa ankagulitsa matemba pamsika, ndipo ankadziwa kuti wogulitsa akakuwonjezera basera wambiri, mulu umakhala ndi chilema.

"Njinga taiona. Nanga ndalama?"

"Ati sabata ya mawa."

"Wanena ndani, bwanayo?"

"A Lucius, akapitawo."

"Nanga chithunzicho n'chachiyani? Zaka zonsezi munthu uja anakujambulanipo? Abambo a Ella, njingayi musaikwere. Ine mtima wanga sukundipatsa."

A Paston anakwiya, komabe njingayo anaikoleka kudenga la khonde.

Lolemba anapita ku Limbe kukafunsa. Anapeza a Lucius akuyang'anira anthu okhoma mabokosi a katundu wa bwana. A Lucius anali munthu wa mawu ofewa, wa mtundu uja umene umakugwira paphewa ukafuna kukunamiza.

"Achimwene, inu ndinu wamkulu," anatero atawakokera pambali. "Munthu wakupatsani njinga pamaso pa anthu, mwathokoza, mwawomba m'manja. Lero mubwerenso kuti ndiwonjezereni? Si kwathu kuno zimenezo. Anthu adzati a Paston ndi osayamika."

"Koma paja panali pangano la ndalama yotsanzikira."

"Njingayo si ndalama? Ndipo ndikutsineni khutu. Musayerekeze kupita kwa a Leba, aboma oona za antchito aja. Kumeneko amayamba n'kufunsa kuti kwanu n'kuti. Inu muyankha chiyani? Ena anawakweza lole n'kukawatula ku malire."

Mawu amenewa anawalasa a Paston pachilonda. Anatembenuka n'kuchoka. Pa siteji anakumana ndi a Gracian atanyamula mphasa ndi sutikesi, wotchi ikunyezimira pamkono.

"Ine ndikupita ku Chiradzulu," anatero a Gracian. "A Lucius ati ngati pali chotsala adzatitumizira. Munthu watidyetsa nyama, tikamusumire? Manyazi amenewo ine ayi."

Kunyumba, a Magdalene anamvetsera zonse mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha. "A Luciuswo apatsidwa chiyani?" A Paston sanadziwe. Apa m'pamene nawonso anayamba kukayika.

A Magdalene ankadziwa bambo wina wa kutchalitchi kwawo, a Kingsford, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya Leba m'tauni. Anawakoka amuna awo m'mamawa ngati mbuzi yopita kumsika. A Paston anakhala pampando chakumphepete, maso ali kukhomo, akudikira funso loopsa lija. A Kingsford anafunsa dzina, malo a ntchito, zaka zimene agwira ndi malipiro awo, basi.

"Simufunsa kwathu?" a Paston analephera kupirira.

"Kwanu ndikufunseni chifukwa chiyani? Matabwa aja ankapala ndi bambo anu kapena inu? Amene anakuuzani zimenezo amafuna musafike pano."

Kenako a Kingsford anafotokoza modekha. Munthu akamachotsedwa ntchito popanda mlandu, ayenera kuuzidwa nthawi ikadalipo, apo ayi alipidwe m'malo mwa notisiyo. Ayenera kulandiranso malipiro onse otsala, ndi chilichonse chimene pangano la pantchito linanena.

"Mphatso ndi mphatso, bambo. Munthu amapereka mwa kufuna kwake. Malipiro ndi thukuta lanu, sapereka chifukwa chokukondani. Kuthokoza mphatso sikufafaniza ngongole. Koma ndikuuzeni zoona: bwanayo akakwera sitima ya ku Beira, ine ndilibe dzanja lofika kumeneko. Akunyamuka liti?"

"Lachisanu."

"Ndiye mawa tikakumane ku fakitale. Njingayo mubwere nayo. Mwaikwerapo?"

A Paston anayang'ana akazi awo. A Magdalene anayang'ana kudenga, koma kumwetulira kunawatulukabe.

Kutacha, a Paston anaikankha njingayo ulendo wonse mpaka ku Limbe. Bwana Sekani atawaona ali ndi munthu wa Leba anaseka monga mwa chizolowezi, natulutsa chithunzi chija m'thumba. Anati munthuyu analandira zake, ndipo onani mmene akusangalalira. A Lucius anaima kumbuyo, maso ali pansi. A Kingsford atafunsitsa, zinadziwika kuti a Luciuswo analonjezedwa makina ochekera matabwa ngati anthu onse achoka mwakachetechete.

"Kodi munawauza kuti njingayi ikulowa m'malo mwa ndalama zawo?" anafunsa a Kingsford. "Ndipo iwo anavomera?"

Bwana anangobweza chithunzi chija m'thumba. Ndiye a Paston anachita chinthu chimene chinawawawa kuposa kuyenda kuja. Chibadwire anali asanabwezepo mphatso kwa munthu. Anaitsamiritsa njingayo pakhoma la ofesi.

"Bwana, ndinathokoza, ndipo sindikubweza zikomo wanga. Koma ngati njingayi ndiye zaka zanga khumi ndi zinayi, nayi. Mundipatse zaka zangazo."

Kuseka kwa bwana kunatha. Anakangana ndi a Kingsford nthawi yaitali m'chizungu, ndipo pamapeto pake analipira notisi ndi ndalama yotsanzikira kwa a Paston ndi anthu ena anayi amene anali akadali m'tauni. Za amene anapita kumudzi anati azisiya kwa a Lucius. A Kingsford anatumiza uthenga ku Chiradzulu, koma Lachisanu sitima inanyamuka uthengawo usanafike.

A Paston anagula zida ndi ndalamazo n'kubwerera ku Chilobwe wapansi, sowo paphewa, hamala ndi chopalira matabwa zili m'thumba la chiguduli. Ana analira njinga. A Magdalene anatenga sowoyo n'kuikoleka pamalo pomwe panali njinga paja.

Mvula yoyamba itagwa, a Paston akukhoma benchi pansi pa mtengo wa mango, anaona munthu wowonda ataima pampanda. Anali a Gracian. Anali atapita kwa a Lucius, amene anawauza kuti bwana sanasiye kanthu. Anapitanso kwa a Kingsford, amene anangopukusa mutu mwachisoni.

"Wotchi ija ili kuti?" anafunsa a Paston.

"Inaima. Wokonza ati mkati mwake munatha kalekale."

A Paston anamva chisoni chachikulu, chifukwa ankadziwa kuti pakanapanda mkazi wokayika uja, iwonso akanaima pampanda wa wina. Sananene za safunsa amene anadya phula. Anangosendeza thabwa.

"Lowani, achimwene. Gwirani uku ndicheke."

Phunziro: Ntchito ikatha, mphatso, phwando ndi mawu okoma sizilowa m'malo mwa malipiro anu. Kufunsa zanu si mwano ndipo si kusayamika. Musachoke m'tauni chifukwa cha lonjezo la pakamwa, ndipo musaope amene akukuopsezani kuti musafunse. Pitani ku ofesi ya Leba kapena ku bungwe la antchito msanga, wokulembani ntchito akadalipo.